Kebby Asaine Yekha

Rosettenville, Joni
15 Disembala 2024

Wokondedwa Harriet, amake Lukundo,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Kavalamanja, inu ndi mwana wathu? Chifuwa chija chinamuleka? Nanga apongozi anga, amayi anu, miyendo ikuwalola kufika kudimba? Ine kuno ndili bwino. Mlongo wanu Kebby alinso bwino, moti akudya ngati pali wina amene amamulipira akamaliza mbale.

Mudabwa kuona kalata pamene foni ilipo. Koma foni ya kwathu mukuidziwa: mpaka mukwere pachulu cha kusukulu, ndipo ndikanena mawu khumi inu mumamva awiri. Chinanso, chipinda chathu ndi chimodzi ndipo mlamu wangayu makutu ake ndi aatali. Ndiye ndizilemba n'kupatsira a Robson, a ku Boma aja oyendetsa thiraki ya katundu pakati pa Joni ndi Lusaka. Iwo azisiya kalata kwa kondakitala wa basi ya ku Luangwa.

Paja mumandiseka kuti amuna a anzanu ali kumigodi, anu anapita ku Joni kukasewera pa kompyuta ngati mwana wa giredi seveni. Sekani lero, mwina chaka chamawa mudzasowa choseka. Gemu yathu ija ya anthu asanu kulimbana ndi asanu, kuwomberana mfuti za pa sikirini, ili ndi ligi yake yaikulu imene anthu amalipidwa mwezi ndi mwezi. Ife a Jackals tili mu ligi yaing'ono, momwe munthu amadya akapambana basi. Tsopano akuluakulu a ligi yaikulu alengeza kuti akuwonjezera matimu awiri atsopano, ina ya ku Cape Town, ina ya ku Durban. Matimu amenewa ali ndi dzina, yunifomu ndi ndalama, koma alibe wosewera ndi mmodzi yemwe. Iliyonse ikufuna anthu asanu ndi wina wodikira pa benchi, ndipo maina ayenera kufika ku ligi Febuluwale asanathe. Likadutsa tsikulo chitseko chatsekedwa chaka chonse. Wotengedwa amamupatsa malipiro ndi pogona, ndipo pemiti yokhalira m'dziko muno amamukonzera ndi iwo.

M'nyumba mwathu muno mwalowa misala. Anyamata amene dzulo ankagawana buledi lero akubisirana mausi a kompyuta. Wina wameta tsitsi n'kuyamba kuyankhula Chizungu cha m'mphuno, ati kuti mabwana a ku Cape amuone.

Ine sindikuda nkhawa. Ine ndi Kebby timasewera ngati asodzi: iye kutsogolo ndi mfuti, ine kumbuyo kumuuza kumene adani abisala, kumuponyera utsi, kumulondera msana. Ndi mmene ankayendera pa Zambezi ndi malemu mkulu wake Whiteson, wina ku ukonde wina ku nkhafi, ngakhale dzina limeneli kuno sitilitchula. Wofuna Kebby afunanso ine. Muwauze apongozi kuti mawu aja anatuma amalume anu kudzandiuza tsiku lonyamuka, akuti mwapita awiri, mukhale awiri, mudzabwere awiri, ndawasunga.

Ndaika marandi 900 mu envulopu. Mugule tsabola ndi oilo wakutha wa injini, mupake zingwe za kumunda njovu zisanayambe kuyendera mapira. Zotsala mugule nsapato za Lukundo, zazikuluko pang'ono, chifukwa mapazi a mwanayo ndi a kwanu.

Ndine wanu,
Fidelis


5 Januwale 2025

Amake Lukundo,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira mwalowa bwino nonse. Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi masau ouma aja. Kebby anayamba kuwadya awiriawiri ngati mankhwala, kenako ndinangopeza thumba lili pululu. Ife tili bwino.

Adiresi yasintha. Jackals kulibenso. Mwini wake anagula gawo mu timu yatsopano ya ku Cape, n'kutenga anyamata awiri amene ankawakonda pamodzi ndi makompyuta onse. Enafe anatigwira chanza n'kutiuza kuti tichoke m'nyumba mwezi usanathe. Khirisimasi tinadyera pa zikwama. Tinapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala ya a Adriano, munthu wa ku Zumbo, kutsidya kwathu komweko. Atamva kuti ndife a ku Feira, monga iwo amatchulira Luangwa, sanafunse zambiri. Denga likudontha pakona imodzi chabe.

Pali lamulo lina limene sindinakuuzeni. Timu iliyonse ingalembe alendo awiri okha, otsalawo akhale eni dziko. A ku Cape adzaza kale malo awo. A ku Durban, amene timu yawo aitcha Umoya, malo onse awiri akadali opanda munthu. Awiri, amake Lukundo, ngati anachita kutiyeza.

Mayeso osankhira osewera anachitikira mu holo ina ku Braamfontein. Munali anthu ngati pamsika wa nsomba, ambiri ana osamera ndevu, ena anachita kuperekezedwa ndi amayi awo pa galimoto. Ine wosafika n'komwe zaka makumi atatu akunditcha madala, ndipo wina anandipatsa mpando. Ndinaulandira, koma ndinamukumbuka titalowa mu gemu. Kochi wa Umoya ndi mzimayi wamfupi wosaseka, amayenda kumbuyo kwa mipando ngati woyang'anira mayeso a giredi twelofu. Amasakaniza anthu, lero uli ndi awa, pang'ono pokha wakuika ndi ena. Pamene anatiika mbali imodzi ndi Kebby tinawasesa. Pamene anatilekanitsa, Kebby anawasesabe. Ine ndinachita zimene ndinatha.

Mlongo wanu anaimitsa holo. Panali nthawi imene anzake onse anagwa, iye n'kutsala yekha ndi adani anayi, ndipo anawagwetsa mmodzimmodzi mpaka kutha. Anthu anavula mahedifoni kudzaima kumbuyo kwake. Iye anangopukuta manja pa buluku n'kundifunsa kuti, "Alamu, tizadya chani manje?" Ndinamunyadira kwambiri, sindibisa.

Musadabwe ndi malemba okhotakhotawa, cholembera ndi cha a Adriano ndipo chinaona zambiri. Mwezi uno ndatumiza marandi 400 okha chifukwa cha kusamuka. Mbuzi yodwala ija ngati sikudyabe muiphe, nyama isanawonongeke.

Ndine wanu,
Fidelis


19 Januwale 2025

Amake Lukundo,

Moni kwa inu, kwa Lukundo ndi onse pakhomo. Ndamva kwa a Robson kuti Zambezi yadzaza mpaka madimba a kumunsi amira. Zimene munabzala kumtunda zili bwanji? Kuno mvula ikugwa yamatalala, koma tili moyo.

Zotsatira za mayeso sizinatuluke zonse. A Umoya alengeza maina atatu: eni dziko awiri, ndi mnyamata wa ku Namibia wodziwa kuwombera patali. Mukawerenga nokha muona kuti malo a alendo atsala amodzi. Koma zinthu izi zimakambidwa. Pali benchi, pali njira zina. Musayambe kuuza amayi a kutchalitchi kuti atipempherere ngati tamangidwa.

Kochi uja anaitana Kebby ku hotela kumene akukhala. Ndinamuperekeza, n'kudikira pageti ndi alonda, tikucheza za mpira. Anatuluka nkhope itagwa, tinakwera takisi. Nditamufunsa anati, "Bakali kuganiza." Masiku ano mbale akuisiya ndi chakudya, ndipo inu mukumudziwa mlongo wanu.

M'mawa ndimathandiza a Adriano ku matayala m'malo mwa lendi. Masana timapita ku kafe ya intaneti kukayeseza, marandi 20 pa ola, pa makompyuta okalamba kuposa ine. Ntchito ya matayala si yoipa, kungoti chitsulo chochotsera tayala chimandipulumuka m'manja nthawi zina. Mwina ndi thukuta.

Foni yanga musavutike kuimba, ili kwa munthu wina amene akundisungira mpaka zinthu zitakhala bwino. Mukafuna kumva mawu athu imbani ya Kebby, koma za ligi musamufunse, zimamukwiyitsa.

Lukundo akufunsa ngati atate ake aoneka pa TV ya ku Boma. Mumuuze kuti atate ake ndi munthu wakuda kwambiri, kamera imawavuta kuwapeza, koma amalume ake adzawaona. Ndalama ulendo uno palibe. Ndatumiza mafuta opaka miyendo a apongozi. Muwapatse inu, munene kuti achokera kwa mwana wawo.

Wanu,
Fidelis


2 Febuluwale 2025

Amake Lukundo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndi mwana. Kalata iyi mukawerengere kumunda, muli nokha.

Ndakhala ndikukuzungulitsani. Zoona zake n'zakuti a Umoya akufuna Kebby, ine sakundifuna. Kontrakiti anamuikira patebulo tsiku lomwe lija la ku hotela, ndipo iye anatuluka osaigwira.

Ndinazidziwa chifukwa kochi anabwera yekha ku shopu, Kebby atatumidwa kukagula zigamba za matayala. Anandipeza ndili mbuu ndi fumbi. Ndi munthu wosadziwa kuzungulira. Anati mutu wanga wa gemu ndi wabwino koma dzanja limachedwa, ndipo mu ligi yaikulu wochedwa ndi kuphethira kumodzi wafa kale. Ndinafuna kukwiya, koma ndikanakwiyira chiyani? Si cholembera cha a Adriano chimene chikukhotetsa malemba anga. Kuyambira chaka chatha zala zitatu za dzanja lamanja zimachita dzanzi, ndipo ndikagwira mausi nthawi yaitali moto umayenda mpaka m'chigongono. Ku kiliniki anati mtsempha wa pamkono wapanikizika, ndipumitse dzanja miyezi ingapo. Kupumitsa dzanja ku Joni, ndidye chiyani? Kebby yekha ndiye ankadziwa, ndipo ndi iye amandimanga bandeji.

Kochi akuti Kebby anamuyankha kuti popanda mlamu wake sasaina. Mayiyo poyamba anayesa ndi njira yokwezera malipiro, n'kuwonjezera pang'ono. Ataona kuti mnyamatayo akunenetsa, ndi pamene anandifunafuna ine. Amudikira mpaka kutha kwa mwezi uno, osapitirira.

Kebby atabwera ndinamukhazika pansi. Ndinayamba ndi nthabwala zathu za pachilamu, kuti iwe ukufuna ndikukwatire kapena chiyani, mlongo wako anakutsogolera kale. Sanaseke. Anati, "Alamu, amai banakamba kuti tibwele babili. Ine n'nasiyapo kale munthu pa madzi. Siningachite futi." Ndinamuuza kuti Durban si Zambezi ndipo ine sindikumira. Anangotembenukira kukhoma.

Inu mukuzidziwa kuposa ine. Tsiku lija mvuu inagubuduza bwato lawo, Kebby anasambira n'kufika kumtunda, Whiteson sanatulukenso. Pamaliro apongozi anamufunsa kamodzi kokha, pamaso pa anthu, kuti mkulu wako wamusiya kuti. Kuchokera pamenepo sanaitchulenso nkhaniyo, kumudzudzula ayi, kumutonthoza ayi. Mnyamata anausiya mtsinje, n'chifukwa chake ndinamutengera ku Lusaka ku shopu ya magemu kumene ndinkagwira ntchito. Funso lija akuyenda nalobe mpaka lero.

Tsono ndikukupemphani. Pitani kwa apongozi muwafotokozere zonse, ndi za dzanja zomwe, ngakhale zikundichititsa manyazi. Muwapemphe amasule mawu aja, anene kuti Kebby asaine yekha. Wina aliyense akanena samva, koma iwo awamvera. Ine sindingawauze. Chikwatireni inu sindinawayang'anepo kumaso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, ndiye lero ndiyambe kuwaimbira foni kuti abweze mawu awo? Nditamufotokozera kochi zimenezi anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, si mungowaimbira? Ndinamuleka, sangazimve.

Mapemiti athu onse awiri akutha mu Epulo. Wopanda timu alibe pepala, ndipo galimoto za apolisi zimayenda mumsewu muno ngati maminibasi. Akawataya malo awa tonse tibwerera ndi zikwama zokhazokha, iye ndi manja abwinobwino amene Mulungu anamupatsa. Zimenezi zikundiwawa kuposa dzanja.

Chinthu chimodzi ndikugwadirani: Kebby asadziwe kuti ndalemba izi. Musamuimbire za nkhaniyi, ngakhale apongozi avomere. Akamva kuti ndinapita kuseri kukamupemphera aumiratu mtima. Yankho mulembe ngati kuti apongozi anaganiza okha, mupatsire a Robson, ndipo ine ndidzamuwerengera. Fulumirani, mwezi uno ndi waufupi.

Ndine wanu,
Fidelis


16 Febuluwale 2025

Amake Lukundo,

Moni. Muli bwanji? Ine ndilipo.

A Robson afika dzana chimanjamanja. Akuti kondakitala sanawapatse kalikonse, ndipo amva kuti msewu wa ku Kavalamanja wadulidwa ndi madzi. Za msewu ndamva, koma mabwato anatha pa Zambezi? Palibe amene akupita ku Boma kukagulitsa nsomba za pende? Kapena kalata yanga munalandira koma miyendo ikukulemerani kupita kwa amayi anu, nyumba yake yoyang'anana ndi yathu? Ndikhululukireni ngati ndikukunamizirani. Mtima wanga suli m'malo.

A Umoya alengeza dzina lachinayi. Pa chithunzi chawo pa intaneti pali nkhope zinayi ndi mthunzi wakuda pamalo achisanu, ndipo anthu akupikisana kulosera kuti ndani. Ine mthunziwo ndimagona nawo chipinda chimodzi, umaliza mkonono. Ndamva kuti ayamba kuyesa mnyamata wina wa ku Botswana, kuti zikavuta atenge iyeyo.

Kebby wasiya kupita ku kafe, akuti ndalama yake tigulire ufa. Tsopano akugwira nane matayala, ndipo sabata yathayi jeke inaterereka n'kumupana chala chachikulu. Chikhadabo chada. Ndinamukalipira mpaka a Adriano anatuluka kudzaona. Ndinati manja amenewo si a matayala. Anandiyankha kuti, "Nanga yanu ni ya chani?" Ndikamuona atagwada pa tayala la thiraki ndimamva ngati ndine ndamukhalira pamsana.

A Robson abwerera mawa ndipo akuti adzafikanso mwezi usanathe. Ulendo umenewo ndi womaliza. Ngati apongozi akana, lembani kuti akana, ndidziwe chochita. Ndalama ndilibe. Gulitsani nkhuku mulipire za kusukulu.

Fidelis


28 Febuluwale 2025

Amake Lukundo,

Moni kwa nonse. Kebby wasaina.

Anakwera basi ya ku Durban Lachitatu, ndipo lero a Umoya atulutsa chithunzi chathunthu, anthu asanu ndi wa pa benchi. A Adriano anandionetsa pa foni yawo. Wavala yunifomu yobiriwira, manja wapinda pachifuwa, pansi alemba dzina lake ndi kambendera ka Zambia. Sakumwetulira, koma pa zithunzi zotere onse samwetulira. Ndinawapempha a Adriano andisiyire foniyo kanthawi.

Musandifunse kuti anasintha bwanji maganizo. Chachikulu wasaina, ali ndi pogona, pemiti yake akuikonza, ndipo kutha kwa Malichi alandira malipiro oyamba. Muwauze anthu pamudzi, anyadire. Akakuimbirani n'kunena zina zokhudza ine, mumumvere, musamutsutse.

A Robson sanafike. Akuti mathiraki aima mzere wautali pa Beitbridge chifukwa cha mapepala a katundu. Kalata iyi ndipatsira mnzawo wopita ku Lusaka. Apongozi musawavutitsenso, nkhani ija yatha.

Kachipinda kaja kakula. Bandeji ndikuphunzira kumanga ndi mano. Gemu ndasiya, ndipo mausi ndi mahedifoni ndagulitsa kwa mwini kafe, ndiwo marandi 300 amene mupeze umu. Mubweze nkhuku zimene munagulitsa, mugule zathazi. Njovu zikayamba kubwera musamagone nokha kumunda, mapira si moyo.

Ndine wanu,
Fidelis


9 Malichi 2025

Harriet,

Moni. Sindikudziwa ngati ndinene kuti ndili bwino. Thupi lili bwino.

A Robson afika dzana, atakhala pa Beitbridge mpaka chakudya kuwathera. Kalata yanu ili ndi deti la 13 Febuluwale. Munapita kwa apongozi tsiku lomwe munalandira yanga, munakwera bwato mtsinje uli wodzaza chonchija kukaisiya ku Boma, ine kuno ndikukunenani kuti miyendo ikukulemerani. Munasunganso zimene ndinakupemphani, Kebby simunamuuze kanthu. Mukanakhala mkazi wosamva zikanatithandiza.

Mawu a apongozi amene munalemba ndawawerenga mpaka pepala lafewa. Anayamba ndi ine: "Awisi Lukundo nawamasula, asanyamule katundu wosakhala wao. Kebby asaine. Mumuuze kuti Whiteson anatengewa na mvuu, osati yeve. Siku ija n'nataya mwana mmozi, winangu Mulungu ananibwezela, koma pakamwa pananilema kukamba." Mawu amenewa anali m'thiraki pa Beitbridge tsiku limene ine ndinatsegula pakamwa panga.

Ndikuuzeni ndekha musanamve kwa iye. Linali Lachiwiri masana, tikudya chipisi titakhala pa matayala, a Adriano ali pomwepo. Kochi anali atatumiza uthenga kuti mawa lake asainitsa wa ku Botswana uja. Ndinamuchonderera Kebby, anakana. Ndinamuopseza kuti ndithawa ndimusiye, anati adzandisaka mpaka andipeze. Ndinaona kuti malinga akundikonda sachoka. Ndiye ndinachita kusankha mawu, sikuti anandipulumuka. Ndinati, "Leka kuzionesa. Kusiya munthu uziba kale iwe. Whiteson unamusiya ali kukuitana, manje ine ndiye nakuvuta kusiya?"

Zoti Whiteson ankamuitana palibe amene amadziwa kumudzi. Anandiuza ine ndekha ku Lusaka, akulira, ndipo ndinalumbira kuti sizidzatuluka m'kamwa mwanga. Pepani kuti mwazimva chonchi, anali mlongo wanu.

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anaika chipisi pansi, anakasamba m'manja pampopi nthawi yaitali, kenako analowa m'chipinda kukalongedza. Potuluka anagwira chanza a Adriano n'kuwathokoza. Ine anandidutsa ngati chitsa. Kumene anagona tsiku limenelo sindikudziwa.

Ndinadziuza kuti adzandida koma adzakhala ndi ntchito, ndipo ndinavomera kuti zikhale choncho. Lero ndaona kuti ndinamubaya pachabe. Chomumasula chinali panjira, ndipo chikanamuchiritsanso. Ndayesa kumuimbira pa foni ya a Adriano kuti ndimuwerengere, koma akamva mawu anga amadula. Ngakhale akanamvera, mawu otere sayeneranso kudzera pakamwa panga.

Ligi iyamba kumapeto kwa mwezi uno. Isanayambe mutenge apongozi, muwakweze panjinga ngati miyendo ikukana, mupite nawo pamene foni imagwira. Amuimbire, amuuze okha zimene anakuuzani inu. Ikadula muimbenso, mpaka amve zonse. Za ine musatchule kwa iye ndipo musandipepesere. Mnyamata asalowe mu gemu yake yoyamba ndi mawu anga m'makutu.

Apongozi muwauze kuti ndinamutukwana mwana wawo ndi dzina la malemu. Za kuitana zija zikhale pakati pa ife, koma zinazo musandichepetsere. Iwo anandimasula asanadziwe zimenezi.

A Robson avomera kunditenga mu Epulo pemiti isanathe. Ndidzabwera ndekha. Ndidzatsikira pa Boma n'kukhala kwa achibale awo kuseri kwa msika. Musabwere kudzandichingamira, ndipo Lukundo musamuuze tsiku. Muyambe mwafunsa kwa amayi anu ngati ndingafike pakhomo, ndipo chimene anene mudzanditumizire munthu. Ndidzadikira pomwepo.

Ndine atate ake a Lukundo,
Fidelis